Vinyo wofiira wosathira kanthu

M'chaka cha 1981 mlimi wina wa mphesa wa ku Villié-Morgon, mudzi wa m'dera la Beaujolais kumpoto kwa mzinda wa Lyon ku France, anali atagwa ulesi ndi vinyo wake yemwe. Dzina lake linali Marcel Lapierre. Munda anaulandira kwa bambo ake mu 1973, ndipo ankaulima monga mmene alangizi a nthawi imeneyo ankanenera: kupopera mankhwala opha udzu, kuthira feteleza, kuthyola mphesa msanga mvula isanaziwoletse, kenaka pofulula kuwonjezeramo shuga, yisiti wogula m'paketi ndi salufa. Vinyoyo ankatuluka wosalala, wosawonongeka, ndipo ankagulika. Vuto linali pa lilime la mwini wake, amene ankakumbukira kuti vinyo wa makolo ake, wopangidwa popanda zambiri mwa zimenezi, ankakoma kuposa wakeyo.

Chaka chomwecho anakumana ndi Jules Chauvet, nkhalamba ya zaka zopitirira 70 ya m'mudzi wapafupi wa La Chapelle-de-Guinchay. Chauvet anali wamalonda a vinyo komanso katswiri wa kemisitiri, munthu amene anatha zaka zambiri diso lili pa maikulosikopu, akuyang'ana tizilombo timene timawiritsa madzi a mphesa. Zimene anauza Lapierre sizinali zachilendo kwenikweni. Sunga mipesa yakale, leka kupha nthaka ndi mankhwala, dikira mphesa zipse, taya chowola chilichonse, lola yisiti wa m'munda mwako agwire ntchito, ndipo salufa ugwiritse pang'ono kapena ayi. Anzake atatu a Lapierre, Jean Foillard, Guy Breton ndi Jean-Paul Thévenet, anatsatira njira yomweyo, ndipo wamalonda wa ku America, Kermit Lynch, anawapatsa dzina loti Gang of Four. Chauvet anamwalira mu 1989 asanaone kuti zimene ankaphunzitsa alimi anayiwa zidzafika m'mabala a ku Paris, Tokyo, London ndi Cape Town.

Ndayamba ndi Chauvet dala. Anthu ambiri akamva zoti vinyo wachilengedwe amaganiza za munthu wodana ndi sayansi, amene wafinya mphesa n'kuzisiya mumgolo kuti zidzionere zokha. Mphesa zikasiyidwa choncho zimasanduka viniga. Chimene wopanga vinyo wachilengedwe amachita ndi kudzimana dala zida zonse zokonzera zolakwika. Mnzake wa fakitale akathyola mphesa zosapsa bwino ali ndi shuga woti athiremo, zikapsa mopitirira ali ndi asidi, vinyo akayamba kudwala ali ndi mankhwala. Uyu alibe kothawira. Ntchito yonse imabwerera kumunda ndi ku maso ake, ndipo akaphonya, mwini botolo ndiye amamwa kuphonyako.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kudziwa zimene malamulo amalola mu vinyo wamba. Zilipo zambiri ndithu. Ku Ulaya wopanga vinyo angathe kusankha yisiti wa m'fakitale wopereka fungo limene akufuna. Mtundu wina wotchedwa 71B ndi umene unkachititsa kuti Beaujolais Nouveau, vinyo wamwana amene amatulutsidwa Lachinayi lachitatu la Novembala, azinunkhira ngati nthochi. Angathe kuwonjezera shuga kuti mowa ukwere, njira imene inatenga dzina kwa Jean-Antoine Chaptal amene anaifalitsa mu 1801. Angathe kuthira tanini waufa, tizidutswa ta mtengo wa oak, ndi mankhwala oletsa kuwira. Pofuna kuti vinyo aoneke mbee, amagwiritsa ntchito choyera cha dzira, mapuloteni a mumkaka, dothi lotchedwa bentonite, ngakhale chinthu chochokera m'chikhodzodzo cha mpweya cha nsomba. Palinso makina ochotsa madzi kapena mowa wina. Palibe mwa zimenezi chimene chili poizoni, ndipo ambiri opanga vinyo wabwino amangogwiritsa ntchito ziwiri kapena zitatu. Chodandaulitsa chinali choti wogula sankauzidwa. Ndi pa 8 Disembala 2023 pomwe lamulo la European Union linayamba kukakamiza kuti zothiridwa mu vinyo zizilembedwa, ndipo ngakhale pamenepo analola kuti mndandandawo ubisale kuseri kwa QR code.

Mkangano umenewu si wa dzulo. Mu 1907, chaka chomwe Chauvet anabadwa, alimi a mphesa a kum'mwera kwa France anaukira boma chifukwa msika unali utadzaza ndi vinyo wachinyengo wa shuga ndi madzi. Pa 9 Juni anthu pafupifupi theka la miliyoni, kapena kuposerapo, anasonkhana ku Montpellier motsogoleredwa ndi Marcelin Albert, ndipo mawu akuti vinyo wachilengedwe anali pakamwa pawo. Tanthauzo lake panthawiyo linali losavuta: vinyo wochokera ku mphesa basi. Akatolika a kwathu kuno amalidziwa tanthauzo limenelo ngakhale osaliganizira, chifukwa malamulo a Mpingo amafuna kuti vinyo wa pa Misa akhale wa mphesa zenizeni, wosasakaniza komanso wosasasa.

Tanthauzo la masiku ano ndi lothina kuposa pamenepo, koma lamulo lolitchinjiriza ndi lofooka. Pali mawu atatu amene ogulitsa amakonda kuwasokoneza. Vinyo wa organic ali ndi satifiketi: mphesa zake zalimidwa popanda feteleza ndi mankhwala a m'fakitale, komabe pofulula angathe kuthiramo yisiti wogula ndi salufa wochepetsedwa. Wa biodynamic amatsatira maphunziro amene Rudolf Steiner anapereka mu 1924, amene amaphatikiza ulimi wa manyowa ndi miyambo ina monga kukwirira ndowe m'nyanga ya ng'ombe ndi kutsata mwezi. Ine ndimakhulupirira manyowawo, za mwezi ndimazisiyira eni ake, ngakhale ndikuvomera kuti mlimi amene amayendera munda wake kawirikawiri chonchi sangalephere kuona matenda akangoyamba. Wachilengedwe, amene Afalansa amati vin nature, kwa zaka zambiri analibe lamulo lililonse. Aliyense ankatha kudzitcha dzinalo.

Mu Malichi 2020 akuluakulu a boma ku France anavomereza chizindikiro cha Vin Méthode Nature, chimene bungwe la alimi eni ake linapanga. Botolo lokhala ndi chizindikirochi liyenera kuchokera ku mphesa za organic zothyoledwa ndi manja, zowira ndi yisiti wa pamalopo, popanda chothiramo chilichonse komanso popanda makina okakamiza vinyo monga otenthetsa kapena osefa mwamphamvu. Salufa saloledwa mphesa zisanawire kapena zikuwira. Amaloledwa pang'ono pothira m'mabotolo, osapitirira mamiligalamu 30 pa lita, ndipo botolo lotero limakhala ndi chizindikiro chakechake. Kulowa m'gululi n'kodzifunira, ndipo alimi ambiri otchuka sanalowemo. Kunja kwa France mawu akuti natural pa botolo nthawi zambiri ndi lonjezo la mwini wake chabe.

Tsopano kumunda, kumene nkhani yeniyeni ili. Mpesa wa vinyo umakonda dziko la nyengo zinayi. Umafuna chisanu choti ugone n'kuyoyola masamba, dzuwa lokwanira lopsetsa zipatso, usiku wozizirirapo wosunga asidi, ndi nyengo youma pothyola. N'chifukwa chake minda yambiri ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kumpoto kapena kum'mwera kwa equator. Kumalo otentha mpesa sugona wokha. Ku Dodoma ku Tanzania alimi amaukakamiza ndi kudulira, ndipo amakolola kawiri pachaka. Kwathu kuno mvula imabwera pamodzi ndi kutentha, zimene nkhungu ya pamasamba imakonda kwambiri, choncho wolima mphesa popanda mankhwala amphamvu angakhale pa nkhondo yosatha.

Chodabwitsa kwa mlimi wa chimanga ndi choti mpesa sufuna nthaka yachonde. Ukaupatsa chakudya ndi madzi ambiri umangochita masamba ndi zipatso zamadzimadzi. Kumpoto kwa Beaujolais, kumene kuli midzi khumi yodziwika monga Morgon, Fleurie ndi Moulin-à-Vent, nthaka yambiri ndi mchenga wofumbutuka ku mwala wa granite, wosasunga madzi. Paphiri la Côte du Py ku Morgon pali mwala wobiriwira modera umene eni ake amautcha mwala wowola. Mphesa ya kumeneko ndi Gamay, ya khungu lopyapyala ndi asidi wambiri, yomwe Philippe le Hardi, wolamulira Burgundy, anaithamangitsa m'dziko lake mu 1395 ponena kuti ndi mbewu yoipa. M'nthaka yonona Gamay imabala mopanda mwambo n'kupereka vinyo wa zii. Pamchenga wosaukawu, makamaka mpesa ukakalamba, imabala pang'ono koma zipatso zokhala ndi kanthu. Mipesa yakale imaimirira yokha ngati tizitsamba, yopanda waya, yothithikana moti thalakitala wamkulu sangadutse. Mlimi akakana mankhwala opha udzu, ndiye kuti wasankha khasu, hatchi kapena kamakina kokoka pulawo ndi chingwe pamtsetse. Mtengo wokwera wa botolo umayambira pamenepo.

Alimi amenewa amanena kuti nthaka yosapoperedwa imakhala ndi moyo, ndipo pamenepa sayansi ili nawo mbali imodzi: udzu ndi nyemba zobzalidwa pakati pa mizere zimaletsa kukokoloka, zimasunga chinyezi, zimadyetsa nyongolotsi. Palinso chifukwa china chokhudza mgolo. Amene akudalira yisiti wa pakhungu la mphesa ndi wa m'nyumba yofululira sangafune kupopera mankhwala opha nkhungu pafupi ndi nthawi yokolola, chifukwa yisiti nayenso ndi wa m'banja la nkhungu.

Koma tisanamizane kuti munda wachilengedwe supoperedwa. M'zaka za m'ma 1800 matenda atatu anawoloka nyanja kuchoka ku America n'kusintha ulimi wa mphesa mpaka lero. Kachilombo kotchedwa phylloxera, kodya mizu, kanayamba kupha minda ya ku France m'ma 1860, ndipo mankhwala ake anali kukwatitsa mipesa ya ku Ulaya pa mizu ya mipesa ya ku America, monga mmene timakwatitsira mango. Pafupifupi mpesa uliwonse ku Beaujolais, ngakhale wa mlimi wouma mutu chotani pa zachilengedwe, waima pa mizu yobwereka. Matenda awiri enawo ndi a nkhungu. Wina amaletsedwa ndi ufa wa salufa, wina ndi kopa wosakaniza ndi laimu, mankhwala amene Millardet wa ku Bordeaux anawalengeza mu 1885. Zonse ziwirizi ulimi wa organic umalola. Vuto la kopa ndi loti savunda. Amaunjikana m'nthaka chaka ndi chaka n'kumapha nyongolotsi zomwe mlimi akuti akuziteteza. Komanso mvula ikagwa amatsukika, ndiye kupoperanso. Kuyambira mu 2019 European Union inaika malire a makilogalamu 28 pa hekitala pa zaka zisanu ndi ziwiri. M'chaka chonga 2021, pamene chisanu cha mu Epulo chinawaula mphukira kenaka mvula ya m'chilimwe n'kubweretsa nkhungu, alimi ena a organic ku France anatsala ndi zokolola zochepa kwambiri. Funso la kopa silinayankhidwe, ndipo okonda vinyoyu akamalidumpha amandikhumudwitsa.

Tsiku lothyola ndi limene limagamula zonse. Magalamu pafupifupi 17 a shuga mu lita imodzi ya madzi a mphesa amapereka peresenti imodzi ya mowa. Ukafulumira, shuga achepa ndipo vinyo atuluka wowawasa ngati bwemba. Ukachedwa, asidi atsika, ndipo madzi opanda asidi ndi munda wa mabakiteriya. Wopanda shuga ndi asidi wa m'thumba ayenera kupeza masiku ochepa amene zonse ziwiri zili pamalo pake. Othyola amadula phava lililonse ndi manja, n'kuika m'timakreti tating'ono kuti zapansi zisaphwanyike, ndipo chowola chimatsala kumunda.

Vinyo wofiira amasiyana ndi woyera pa chinthu chimodzi: madzi amawira pamodzi ndi makungu. Madzi a mphesa zakuda zambiri ndi otuwa. Mtundu wofiira ndi tanini zimachokera m'khungu ndi m'njere. Tanini ndi chija chimaumitsa mkamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi amene masamba akhalitsamo. Chimatetezanso vinyo ku mpweya, n'chifukwa chake wofiira amapirira kusowa salufa kuposa woyera.

Ku Beaujolais ali ndi njira yawoyawo. Mapava amalowa m'thanki athunthu, osaponda, osachotsa timitengo. Zapansi zimaphwanyika ndi kulemera kwa zinzake n'kuyamba kuwira, ndipo mpweya wa carbon dioxide umadzaza thanki, kapena wofulula amauthira yekha. Mphesa zapamwamba, zikasowa okosijeni, zimayamba kuwira m'kati mwa khungu lake popanda yisiti, mpaka mowa utafika pafupifupi maperesenti awiri. Asidi wolasa amachepa, mtundu umalowa m'minofu ya chipatso, ndipo fungo la zipatso zofiira limatuluka popanda tanini wambiri. Pakapita sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu amafinya, ndipo madzi otsekemera otuluka m'chofinyira eni ake amawatcha paradis. Chauvet ankakonda kuti zonsezi zichitike mozizira ndi mosafulumira. Mpweya uja ndi umene umagwira ntchito ya salufa pa masiku oopsawo. N'chifukwa chake njirayi yafalikira kwa opanga vinyo wachilengedwe padziko lonse, mpaka nthawi zina munthu sungasiyanitse wa ku Australia ndi wa ku Spain: onse opepuka, onse a fungo limodzi. Kwa gulu limene limadzitama kuti likuonetsa kukoma kwa dera lililonse, zimenezi n'zochititsa manyazi pang'ono.

Amayi amene anafululapo masese amadziwa kuti mbiya yozolowera mowa imawiritsa msanga kuposa yatsopano, ndiponso kuti mowa umodzimodzi lero ukoma, sabata yamawa usasa. Yisiti wosagula ndi choncho. M'masiku oyamba mitundu yambiri ya tizilombo imalimbirana shuga, ndipo uliwonse umasiya kafungo kake. Mowa ukakwera yambiri imafa, n'kutsala Saccharomyces cerevisiae woti amalize. Kuchuluka kwa mitunduko ndiko kumapatsa vinyo kuzama kumene okonda amakufuna. Ndi komwenso kuli ngozi, chifukwa kuwira kungathe kuima pakati shuga asanathe, ndipo zikatero mabakiteriya a viniga ndi ena amalowerera. Wofulula wanzeru amalawa thanki iliyonse m'mawa ndi madzulo, amayeza kutentha ndi shuga, amatsuka chilichonse ngati m'chipinda cha opaleshoni. Ena amathyoleratu mphesa zochepa masiku angapo kukolola kusanayambe, n'kuziwiritsa mumtsuko kuti zidzakhale chotupitsira thanki yaikulu. Vinyo akapsa amagona m'migolo yakale yosapereka fungo la mtengo, nsenga zimadikha zokha, ndipo amathiridwa m'botolo osasefa kapena atasefedwa pang'ono. Mukaona kuti ali mbuu pang'ono kapena pansi pa botolo pali nsenga, si vuto.

Pa salufa ndi pamene abale amakanganirana. Salufa amapha mabakiteriya ndi kuletsa mpweya kuwononga vinyo, ndipo anthu akhala akuotcha salufa m'migolo kwa zaka mazana angapo. Ku European Union vinyo wofiira wosatsekemera amaloledwa mamiligalamu 150 pa lita, wa organic 100. Botolo lililonse lopitirira 10 liyenera kulembedwa kuti muli salufa, ndipo yisiti mwini amapanga wochepa pamene akuwira, choncho vinyo wopandiratu salufa ndi wosowa. Okana salufa amati amatseka fungo ndi kuumitsa vinyo, ndipo amene analawapo vinyo mmodzi m'mabotolo awiri, lina lothira lina losathira, nthawi zambiri amamva kusiyanako. Koma vinyo wosatetezedwa amadwala matenda odziwika. Asidi wa viniga akachuluka amanunkha ngati mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Yisiti wotchedwa Brettanomyces amabweretsa fungo la khola. Choipitsitsa ndi chimene Afalansa amati goût de souris, kukoma kwa mbewa. Ife odya mbewa tisasangalale: si kapuku wootcha bwino ayi, ndi fungo la nkhokwe imene makoswe agonamo chaka chonse. Silimveka m'tambula. Limatuluka kukhosi mutameza kale, malovu akachepetsa asidi wa vinyoyo, ndipo anthu ena salimva konse, zimene zimayambitsa mikangano patebulo. Pali ogulitsa amene amauza makasitomala kuti fungo limeneli ndiye chilengedwecho. Ayi. Chauvet, amene mphuno yake inali yotchuka m'France monse, akanabweza tambulayo.

Beaujolais si kumene kunayambira zonse. Ku Georgia, m'mapiri a Caucasus, ofukula zakale anapeza zizindikiro za vinyo m'mapale a zaka pafupifupi 8,000, malinga ndi kafukufuku wofalitsidwa mu 2017. Mpaka lero alimi a ku Kakheti amawiritsa mphesa mu qvevri, mbiya zikuluzikulu zadothi zokwiriridwa pansi mpaka m'khosi, zopakidwa phula la njuchi m'kati. Nthaka imasunga kuzizira, nsenga zimatsikira kunsonga ya mbiya. UNESCO inazindikira luso limeneli mu 2013. Mphesa yawo yofiira, Saperavi, ndi yofiira mpaka m'minofu, ndipo vinyo wake ndi wakuda, wa asidi ndi tanini wambiri, wosiyana kotheratu ndi Gamay.

Pafupi ndi kwathu pali Swartland, kumpoto kwa Cape Town, dera la tirigu limene kale mphesa zake zinkangothera m'mathanki a makopaletivu. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira, chilimwe n'chouma ndi champhepo, choncho nkhungu sivuta ngati ku France. Mdani wawo ndi ludzu ndi dzuwa. Mipesa yakale ya Cinsault, Grenache ndi Syrah imaima ngati zitsamba pa mwala wa granite wa phiri la Paardeberg ndi pa nthaka ya shale, yambiri yosathirira. Eben Sadie anatulutsa vinyo wake woyamba wa Columella kuchokera ku zokolola za 2000, Craig Hawkins anayamba kupanga vinyo wa Testalonga mu 2008, ndipo mu 2010 Sadie, Adi Badenhorst, banja la Mullineux ndi anzawo anayambitsa chikondwerero cha Swartland Revolution. Bungwe lawo la Swartland Independent Producers limaletsa yisiti wogula, asidi ndi tanini wothira. Kumalo otentha chonchi asidi amathawa msanga, ndiye ambiri amathyola molawirira, kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, chinthu chomwe Chauvet ankaletsa anyamata ake ku Morgon. Chilala cha 2015 mpaka 2018 chinawayesa kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene dzina lokomali silinena. Choyamba ndi anthu ogwira khasu. Minda ya ku Cape ili ndi mbiri ya dop, kulipira antchito ndi vinyo, mchitidwe umene unaletsedwa m'ma 1960 koma unapitirira m'minda ina mpaka m'ma 1990. Mu Novembala 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito akulandira R69 patsiku. Ankafuna R150, boma linakweza kufika R105. Munda wosapopera mankhwala opha udzu umafuna manja ambiri, ndipo palibe chizindikiro cha natural chimene chimafunsa kuti manjawo alipidwa zingati. Chachiwiri ndi thanzi. Anthu ena a mphumu salufa amawavutadi, koma kwa ambiri mutu wa m'mawa umachokera ku mowa, ndipo zipatso zouma za m'sitolo nthawi zambiri zimakhala ndi salufa woposa wa mu vinyo. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo mowa wa m'botolo lachilengedwe ndi womwewo.

Nanga timadya ndi chiyani? Funsani kaye kumene vinyoyo akuchokera. Ku Lyon kuli timalesitilanti totchedwa bouchon, kumene Beaujolais amabwera m'botolo lochindikala pansi la masentilita 46, ndipo chakudya chake ndi chonona, makamaka cha nkhumba: soseji, nthumbwana, mapazi, chiwindi cha nkhuku, tchizi chofewa cha adyo. Asidi wa Gamay amatsuka mafuta pa lilime monga mmene ndimu amachitira pa nsomba yokazinga, ndipo nthongo yotsatira imakomanso ngati yoyamba. Vinyo wopepuka chonchi amamwedwa wozizira, pa madigiri 12 mpaka 14. Theka la ola mufiriji limakwanira. Patebulo lathu angayende ndi nkhuku ya lokolo, nkhumba yootcha, nyemba za tomato, ngakhale chambo chowamba. Nsomba yokhala ndi fungo lamphamvu, monga usipa wouma, ndi yovuta: ayironi wa mu vinyo wofiira akakumana ndi mafuta a nsomba amasiya kukoma kwa chitsulo.

Wa tanini wambiri, monga Saperavi kapena Syrah wa ku Swartland, amafuna nyama. Tanini amagwirana ndi mapuloteni. Akasowa a m'mbale amagwira a m'malovu anu, mkamwa n'kuuma. Mpatseni mbuzi yootcha, kanyenya wa ng'ombe, mang'ina ophika tsiku lonse, boerewors ya pa braai, ndipo amafewa. Anthu a ku Georgia amamwa Saperavi ndi mtsvadi, nyama yootcha pa makala a nthambi za mpesa, ndi lobio, nyemba zophika mumphika wadothi. Alinso ndi pkhali, masamba ophika osakaniza ndi mtedza wa walnut wosinja, chimene aliyense wokulira pa nkhwani wotendera angachizindikire msanga. Mafuta a mtedza amaweta tanini monga nyama, choncho chisoso kapena nkhwani za nsinjiro sizingachite manyazi pafupi ndi tambula yofiira. Tsabola wa kambuzi ndiye sagwirizana ndi vinyo wolemera: amakweza kutentha kwa mowa, ndipo tanini amawawa kawiri. Ngati ndiwo zili ndi tsabola, tengani Cinsault kapena Gamay wozizira wa mowa wochepa. Zotsekemera zimachititsa vinyo wofiira wosatsekemera kumveka wowawasa, ndiye keke adikire tiyi.

Botolo likatsegulidwa lingathe kuchita thovu pang'ono pa lilime kapena kununkha ngati machesi ozimitsa. Opanga ambiri amasiya dala mpweya wina wa kuwira kuti uteteze vinyo. Kuthira mu jagi n'kugwedeza kumachotsa zonsezo m'mphindi zochepa. Mbewa ija yokha imakula mpweya ukalowa, ndipo botolo lopanda salufa nthawi zambiri silifika mawa lili bwino.

Mdani wamkulu kwa ife ndi kutentha. Vinyo wopanda salufa ndi chakudya chamoyo, ndipo amafuna kusungidwa pa madigiri osapitirira 14 kuchokera kwa mlimi mpaka patebulo. Shelefu ya sitolo mu Okutobala siili choncho, kontena yodikira pepala padoko la Beira kapena Durban siili choncho. Marcel Lapierre mwini ankalidziwa vutoli. Anamwalira mu Okutobala 2010, ndipo ana ake, Mathieu ndi Camille, akupitiriza mwambo wake wothira Morgon mmodzi m'mabotolo amitundu iwiri: pa pepala lakumbuyo lina lili ndi chilembo N, losathira salufa, lina S, lothira pang'ono. Nditakhala ku Villié-Morgon, pafupi ndi mgolo, ndingatenge N. Botolo loti liwoloke nyanja n'kukwera lole masiku angapo padzuwa la kuno, ndingatembenuze kaye kufuna S.